Mulamu, za tsaya la achimwene lija

Mulamu, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa, ndinali kumsika foni ili pansi pa dengu, uthenga wanu ndaumvera pompano. Kulemba sinditha, m'manja muli mamba okhaokha, bola ndingolankhula. Chithunzi ndachiona. Eee, achimwene achita kukhala ngati abisa bango la mango m'tsaya! Mwati dzino lakumapeto lija anawazula Lolemba, lero Lachitatu kutupa kwawonjezeka, ndiye mukufunsa ngati chilipo chalakwika, komanso ngati mukawagulire makapusozi kugolosale.

Mtima m'malo kaye. Kutupa kumeneku kumakula tsiku lachiwiri ndi lachitatu, kenako kumayamba kuphwa kokha. Lero ndiye pachimake penipeni. Dzino limenelija limamera mochedwa, munthu ali ndi zaka 17 mpaka 25, limapeza anzake atadzaza kale malo ndiye nthawi zina limamera chopendekera, pochotsa amachita kucheka nkhama. Nanga thupi lingalephere kutupa? Ngakhale kukamwa kukamavuta kuyasamula, kapena tsaya likachita chikasu ngati anamenyedwa, musadabwe.

Zozizira zimathandiza masiku awiri oyamba. Ngati akumva nazo bwino, lero pitirizani, botolo la madzi oundana mulikulunge m'kansalu, mphindi 15 kapena 20 patsaya, n'kupumira mphindi zomwezo. Kwathu kuno ndi kutenthaku limasungunuka msanga, ndiye muziika awiri mufiriji ya aneba. Kuyambira mawa sinthani, muziwathowa ndi kansalu ka madzi ofunda. Pogona mutu ukhale pamwamba, mapilo awiri.

Koma chimene ndikufuna mumvetsetse si tsaya ayi, ndi kabowo kaja. Pomwe panali dzino pamaundana magazi, kanthu kakuda bii. Kameneko ndiye chivindikiro, kamaphimba fupa mpaka mnofu utamera. Kakachoka, mulamu, ndi nkhani ina. Ine zinandionekera. Mukukumbuka nthawi ija anandizula langa? Anandiuza kuti tsiku loyamba osachukucha, osalavulalavula, osamwera kapaipi. Ine ukhondo wanga uja, kakomedwe ka magazi kakundinyansa, ndinachukucha mwamphamvu madzulo omwewo, lilime nalo osachoka pamenepo. Tsiku lachinayi usiku ululu unayamba, ukuchita kuthamangira m'khutu mpaka m'mutu, m'kamwa fungo loti ana ankandithawa. Panado ankangokhala ngati ndameza chimanga. Ndinakhala pakhonde mpaka kumva azana ya m'mbandakucha, misozi ili chuchuchu, munthu wamkulu ine. Kutacha ndinabwerera kuchipatala, anatsukamo n'kuikamo kamankhwala, mpamene ndinapeza tulo.

Ndiye achimwene, ndikudziwa muli pagulu pompano mukumvera mwakachetechete. Fodya ameneyo mumusiye. Kukoka kuja kumazula magazi oundanawo, utsi nawo umachedwetsa bala kupola. Masiku atatu ndiye ochepetsetsa, mukakwanitsa sabata ndidzakuphikirani chambo. Njinga yamoto ija nayo iime kaye. Zoti mawa muwoloke mlatho kukwera mapiri a ku Namwera ndi pasenjala, chipewa chikukufinyani tsaya, dzuwa lili phwee, ayi. Mukadzipanikiza, bala limayambanso kukha magazi. Ndalama ya masiku awiri siingakugwetseni.

Mulamu, poti tsiku loyamba ladutsa, tsopano achimwene azitsuka m'kamwa ndi madzi amchere. Theka la kasupuni ka tiyi m'kapu ya madzi ofunda, amene munawiritsa. Avumate, apendeketse mutu uku ndi uku, kenako angotsegula kukamwa madzi atuluke okha. Akamaliza kudya paliponse ndiponso pokagona. Mano enawo azitsuka ndithu ndi mswachi, kungoti pabalapo azipalambalala. Ngati anawasoka, afunse ngati ulusiwo ndi wosungunuka wokha kapena wokachotsetsa pakatha sabata.

Chakudya ndiye pamene mudzakanganepo, ndimawadziwa alongo angawa. Phala losatentha kwambiri, nthochi zakupsa, mapeyala, mbatata yophwanya, mazira, chambiko. Nsima yofewa ndi msuzi angathe, azitafunira mbali inayo. Koma usipa ndi utaka ayi, timinga tija tikalowa m'bowo mudzagona m'maso nonse. Mpunga nawo umakonda kubisala mmenemo. Mtedza, chimanga chokazinga, nzimbe, tsabola, zonsezo zidikire. Thobwa ngati akulifuna mulisefe. Madzi azimwa ambiri, mowa asaukhudze.

Za makapusozi, musagule. Ngati adokotala anawalembera, amalize onse monga anauzidwira. Ngati sanawalembere, kutupa kwa lero sikufuna zimenezo. Ululu ndi panado, mapiritsi awiri a 500, osapitirira kanayi patsiku. Bufeni amathandizanso kutupa, koma amwe atadya, ndipo ngati vuto lawo la zilonda zam'mimba lija likadalipo amusiye. Asipirini ayi, amapangitsa magazi kuchedwa kuundana. Ndipo amayi akabwera ndi zopaka zawo zija, kaya phulusa kaya mizu, muwakanize mwaulemu, munene kuti ndakaniza ndine. Magazi akayambanso, pindani kansalu koyera kapena thonje lija anakupatsani, alume mphindi 30 osatsegulatsegula kuti aone. Malovu ofiirira pang'ono si vuto.

Tsono mverani apa. Pofika Lachisanu tsaya likamakulirabe m'malo mophwa, kapena kutupa kukatsikira kukhosi, kukakwera kudiso, thupi likatentha, mafinya akamatuluka, musandiimbire ine, pitani kuchipatala cha boma ku Boma konko. Thupi likatentha musangoti ndi malungo n'kugula mankhwala, akawayeze ndipo muwauze za dzinolo. Akamavutika kumeza kapena kupuma, imeneyo ndi ya usiku womwewo, osadikira kuche. Ululu ngati wanga uja ukayamba, abwerere komwe anawazula. Mlomo kapena lilime likakhalabe dzanzi mpaka pano, akanenenso.

Mawa m'mawa ndimutuma mwana ndi mapeyala, ndapeza akupsa bwino. Lachisanu muwajambulenso tione, koma mbali yomweyo, pakuwala. Iii, nsomba zanga amphaka ayamba kuzizungulira, ndathawa kaye.