Cricket ya osaona iliko, ndipo kuno ku Kasungu itheka

Aphunzitsi, mwafunsa ngati n'zoona kuti anthu osaona amasewera cricket, komanso ngati ana anu angaiyambe musanapeze zipangizo zochokera kunja. N'zoona ndithu, ndipo ndi masewero enieni okhala ndi malamulo ake, bungwe lake komanso zikho zake.

Anayambira ku Melbourne, m'dziko la Australia, mu 1922. Anthu awiri osaona ogwira ntchito pafakitale anaponya timiyala m'chitini n'kumachimenya potsata kulira kwake. Bungwe loyang'anira masewerowa padziko lonse, la World Blind Cricket Council, linakhazikitsidwa ku New Delhi mu 1996, ndipo mpikisano woyamba wa chikho cha dziko lonse unachitikira komweko mu 1998. Amene anachitenga ndi anzathu a ku South Africa, atagonjetsa Pakistan mu ndime yomaliza. Kuchokera apo Pakistan ndi India ndiwo akhala akulandana chikhochi: Pakistan mu 2002 ndi 2006, India mu 2014 ku Cape Town ndi mu 2018. Ndatchula South Africa dala, kuti wina asanene kuti izi n'za azungu ndi amwenye okha.

Zonse zagona pa khutu. Mpira wake ndi wapulasitiki yolimba, m'kati muli tizitsulo tobulungira tolira wayawaya ukamagubuduka. Woponya saponya mokweza mkono monga pa cricket ya oona. Amaponyera m'munsi, ndipo mpirawo uyenera kugunda pansi kawiri, kamodzi mbali ya woponya, kachiwiri mbali ya womenya. Asanaponye amafunsa "Ready?", womenya n'kuyankha "Yes", ndipo potaya mpira amakuwa "Play!". Akaiwala mawu amenewa mpirawo suwerengedwa. Mukaonera kanema muona womenya atawerama pafupi ndi nthaka, mutu ataupendeketsa, bat (thabwa lomenyera mpira) ataigoneka chopingasa, kudikira kuti phokosolo limuyandikire ndiyeno n'kulisesera kumbali. Kamenyedwe kameneka ndiko muyambe kuwaphunzitsa ana, chifukwa mpira wa masewerowa umabwera chokwawa.

Koma chimene ndikufuna muchigwiritsitse ndi kagawidwe ka osewera. Timu imakhala ndi anthu 11 m'magulu atatu. B1 ndi osaoneratu, B2 amaona pang'ono kwambiri, B3 amaonako bwinopo. Osaoneratu asachepere 4, ndipo a B3 asapitirire 4. Wa B1 akamenya, ma run (mapointi a pa cricket) ake amawerengedwa kawiri, ndipo amakhala ndi womuthamangira. Wa B1 akawakha mpira umene wagunda pansi kamodzi, womenya uja watuluka basi. Amene anakonza malamulowa ankadziwa kuti popanda zimenezi, oona pang'ono akanadzaza bwalo lonse, osaoneratu n'kutsalira pansi pa mtengo kumalondera zikwama za anzawo. Zimenezi zimachitika kale m'sukulu zathu pa nthawi ya masewero, ndipo zimandipweteka mtima. Mukasintha malamulo ena kuti agwirizane ndi bwalo lanu, sinthani, koma limeneli lisiyeni mmene lilili. Gulu la mwana aliyense lidziwike atamuyeza a dokotala a maso, osati mongoganizira.

Za zipangizo musade nazo nkhawa kwambiri. Mpira woyambira mungaupange ndi kabotolo kolimba kapena kampira kapulasitiki, n'kuthiramo tizitsulo ta m'mabelingi a njinga totsala kwa okonza njinga kumsika, kenaka n'kumata bwinobwino. Kalipentala akhoza kukusemerani bat kuchokera ku thabwa lopepuka. Ma wicket, amene woponya amalinga kuwagunda ndi mpira, ndi mapaipi atatu achitsulo owotchereredwa pamodzi, opakidwa penti wowala wachikasu kapena wa olenji kuti oona pang'ono awaone, ndipo mpira ukagunda pamenepo onse amamva kuti ngwee. Owotcherera a m'tauni muno ntchito imeneyi sangaikanike. Mipira yeniyeni idzafunika mukafika pa mipikisano.

Bwalo ndilo lofuna khama. Nthaka youma ya kwathu kuno m'chilimwe imayendetsa bwino mpira, koma muyende nalo bwalolo phazi ndi phazi, kuzula zitsa ndi minga, kukwirira maenje ndi kuchotsa miyala, chifukwa osewera amadzigwetsa chammbali potchinga mpira ndi thupi lonse. Likhale patali ndi chigayo ndi msewu wa M1. Oonerera muwauze poyamba pomwe kuti "Play" akamveka aliyense akhale chete, nthungululu ndi m'manja zidikire mpira uime. Ana achialubino ambiri amakhala ndi vuto la maso ndipo akhoza kulowa m'magulu a oona pang'ono, choncho sewerani m'mawa kapena dzuwa litapendeka, atavala zipewa zazikulu ndi malaya a manja aatali, atadzolanso mafuta awo oteteza khungu.

Atsikana musawasiye. Mu 2023 ku Birmingham, pa masewero a dziko lonse a anthu osaona, timu ya amayi ya India inapata mendulo ya golide itagonjetsa Australia. Ayambe limodzi ndi anyamata tsiku loyamba lomwelo.

Pa kayendetsedwe, maganizo anga ndi akuti ife oona tithandize kulemba mizere, kuimbira ndi kusaka ndalama, koma kaputeni ndi ambiri a m'komiti akhale osaona eni ake. Akulu osaona a m'dera lanu muwaitane, ena mwa iwo adzakhala makochi abwino kuposa inu ndi ine, popeza akudziwa mmene khutu limayezera mtunda. Mukangokhala ndi ana okwana matimu awiri aang'ono, ngakhale a anthu 6 mbali iliyonse, yambani. Kenaka kambiranani ndi sukulu ya osaona ya ku Chilanga za masewero opimana mphamvu, ndipo mulembere a Malawi Union of the Blind ndi a bungwe loyendetsa cricket m'dziko muno kupempha mipira yovomerezeka ndi munthu wodzaphunzitsa oimbira. M'kalatamo muikemo chiwerengero cha ana, magulu awo ndi zithunzi za bwalo, makolo atavomereza. Ngati mwasankha tsiku loyamba, lembani pompano kuti amene tili pafupi tibwere ndi makasu tidzasalaze nanu bwalo.