Mphaka wakana usipa: ndi matama kapena matenda?

Mayi wina wa ku Chibavi wandilembera pa imelo. Akuti mphaka wawo kale ankati akangomva fungo la usipa ankabwera chothamanga, koma masiku ano amangoununkhiza n'kutembenuka, madzulo n'kumupeza akutafuna chiwala kuseri kwa nyumba. Funso lawo ndi lakuti, kodi ndi matama kapena wadwala?

Mayi, matama ayi. Mphaka ndi mlenje wa tinyama ting'onoting'ono. Sadya kamodzi n'kukhuta ngati galu, amatola pang'onopang'ono tsiku lonse, pano mbewa, apo buluzi, kenako kambalame. Ndiye akamapatsidwa chinthu chomwechomwecho kwa milungu, chachilendo chilichonse chimamukoka. Chiwala chija chikungoposa usipa chifukwa ndi chatsopano.

China n'chakuti mphaka amadya ndi mphuno. Pa lilime lake pali timalo tolawira pafupifupi 470, pomwe ife tili nato pafupifupi 9,000, ndipo mu 2005 akatswiri a bungwe la kafukufuku la Monell ku Philadelphia, ku America, anapeza kuti kutsekemera kwa shuga sakumva n'komwe. Fungo likachepa, chilakolako chimathanso. Kuno ku Mzuzu mu June ndi July chakudya chimazizira musanatembenuke. Mphaka wanga amaima pa mbale m'mawa, ndevu zili njenjenje, osakhudza nsomba yozizira, koma ndikaifunditsa pang'ono pambaula mbale amaisiya mbee.

Musinthireni, koma kusinthako kukhale kwa nyama zokhazokha: lero usipa wophika wopanda mchere, mawa mitima kapena nthutumba za nkhuku, tsiku lina dzira lowiritsa, kachiwindi kamodzi pa sabata. Thupi lake limafuna chinthu china chopatsa thanzi chotchedwa taurine, chimene chimapezeka m'nyama, ndipo akachisowa, maso ndi mtima zimawonongeka. Nsima yokha singamusunge. Chatsopano muziyamba ndi kusakaniza ndi chakale, kuopa kumutsegula m'mimba.

Chimene chimandipweteka ndi kuona anthu akumukhuthulira ndiwo zotsala. Anyezi ndi adyo amawononga magazi a mphaka, ngakhale ataphikidwa. Nsomba yaiwisi tsiku lililonse imatha kumuthera vitamini B1.

Popeza wanuyo akusakabe ziwala, sindikuda nkhawa. Koma akadzakana chilichonse kwa masiku awiri, kapena akamatuluka dovu ndi kutafunira mbali imodzi, musadikire, pitani naye kwa dokotala wa ziweto. Mphaka akakhala ndi njala masiku angapo chiwindi chimadzaza mafuta, ndipo zimenezo zimapha.