Mwana wanga akuti kafukufuku wake achitira pa kompyuta, osapita kusukulu olo imodzi

Mayi ena andilembera ali ndi nkhawa, ndipo ndati ndiwayankhe poyera chifukwa funso lawoli ndalimva kangapo konse. Akuti mwana wawo wamkazi ali chaka chomaliza ku yunivesite, akuchita zamaphunziro, ndiye pa kafukufuku wake womaliza asupavaiza amuuza kuti asavutike kuyenda m'masukulu kugawa mapepala a mafunso, atenge ziwerengero za ku unduna wa zamaphunziro azisanthule. Funso lawo ndi loti, "Kodi ameneyu ndi kafukufuku weniweni kapena akungomupeputsira mwanayu? Nanga akamaliza, zamanambalazi zidzamupezetsa ntchito yanji?"

Mayi, mtima m'malo. Asupavaizawo sanamupeputsire, ndipo kunena zoona amupatsa katundu wolemererapo kuposa wa anzake amene apite m'masukulu asanu n'kubwerako ndi mafomu handiredi. Tiyambe ndi komwe manambalawa amachokera. Pafupifupi dziko lililonse lili ndi database ya masukulu, kutanthauza nkhokwe ya manambala a masukulu onse ya mukompyuta, ambiri amaitchula kuti EMIS, ku India yawo ndi UDISE+, ku America kuli Common Core of Data. Chaka ndi chaka unduna umatumiza fomu kusukulu iliyonse, ahedi amalemba kuti ana alipo angati mukalasi iliyonse, anyamata angati atsikana angati, a zaka zingati, obwereza ndi angati, aphunzitsi alipo angati ndipo ophunzitsidwa bwino ndi angati, zipinda zophunziriramo, madesiki, mabuku, zimbudzi, madzi, zonsezo. Fomu ija imadutsa ku ofesi ya maphunziro ya m'dera, kenako imalowetsedwa mukompyuta ku likulu. Ena mwa manambalawo amatumizidwanso ku UNESCO Institute for Statistics, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999 ndipo lili ku Montreal, ndipo ndi kumeneko komwe amaona mmene mayiko akuyendera pa cholinga chachinayi mwa zolinga za chitukuko za United Nations (SDG) zomwe anagwirizana mu 2015, chija choti mwana aliyense aphunzire bwino pofika 2030.

Ndiye mwana wanu akatsegula fayilo imeneyo, ali ndi masukulu a dziko lonse patsogolo pake, zaka zingapo zotsatizana. Palibe wophunzira amene angayende mtunda umenewo ndi ndalama za m'thumba mwake.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna mukamuuze, ndipo ndi chimene chimasiyanitsa amene wangokopera matebulo ndi amene wachitadi kafukufuku. Nambala iliyonse mu database muja inalembedwa ndi munthu, tsiku linalake, pa chifukwa chinachake, ndipo imawerenga chinthu chimodzi chokha basi. Asanaikhulupirire ayambe waifunsa kuti, iwe ukuwerenga chani kwenikweni, wakulemba ndani, nanga wasiya ndani panja?

Nditengere chitsanzo nambala yomwe imasokoneza ophunzira ambiri. Akaona kuti ana olembetsa ku pulayimale ndi 120 peresenti, amathamangira kunena kuti pali cholakwika, kapena choipa kwambiri, amalemba kuti ana onse ali pasukulu. Ayi ndithu. Nambala imeneyo, imene amaitcha GER, imatenga ana onse amene alembetsa, kaya ndi a zaka 6 kaya ndi a zaka 17, n'kugawa ndi chiwerengero cha ana a msinkhu woyenera pulayimale okha. Ndiye ngati m'makalasi mwadzadza ana oyamba mochedwa ndi obwereza, nambalayo imadumpha 100 pomwe kunjaku kudakali ana ambirimbiri a msinkhu woyenera amene sanapondeko pasukulu. Inzake ya NER ndi yomwe imawerenga a msinkhu woyenera okhaokha, koma nayonso ili ndi pofooka pake, chifukwa imadalira kuti zaka za ana zinalembedwa zoona, ndipo komwe ana ambiri alibe chiphaso chobadwira aphunzitsi amangoyerekeza. Nambala yomwe amagawira ija, chiwerengero cha ana onse a msinkhu woyenera m'dziko, sichichokera ku unduna wa zamaphunziro ayi, chimachokera ku kalembera wa anthu, yemwe mayiko ambiri amachita kamodzi pa zaka khumi, zaka zapakatizo amangowerengera moyerekeza. Kalembera watsopano akatuluka mumatha kuona peresenti yatsika kapena yakwera mwadzidzidzi pomwe m'masukulumo simunasinthe kanthu, ndiye wophunzira wosadziwa amayamba kufunafuna chifukwa chomwe kulibe.

Za avereji nazonso achenjere nazo. Tiyerekeze kuti dera lina lili ndi masukulu awiri, ina ana 400 aphunzitsi 20, ina ana 1,200 aphunzitsi 12. Mukaphatikiza mupeza mphunzitsi mmodzi pa ana 50, munthu n'kumati zili bwinoko, chonsecho kusukulu yachiwiri ija mphunzitsi mmodzi akulimbana ndi ana 100. Ndipo olo mkati mwa sukulu imodzi, kawirikawiri makalasi oyambirira ndi omwe amadzadza kwambiri pomwe aphunzitsi ambiri ali kumakalasi a mayeso. Ubwino wa database ndi womwewu, kuti mutha kutsika kuchoka pa dziko lonse kufika pa dera, pa sukulu, mpaka pa kalasi, ndipo nkhani yeniyeni imapezeka pansipo. Ineyo ndikanakhala mwana wanuyo ndikanasankha mutu ngati umenewu, wa kagawidwe ka aphunzitsi, chifukwa ndi funso lomwe manambalawa amayankha bwino komanso a ku unduna amalifuna tsiku ndi tsiku.

Pa Malawi mu 1994, boma litachotsa fizi ku pulayimale, ana olembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Nambala yokondweretsa kwambiri imeneyo, ndipo inali yoona. Koma payokha siikuuzani kuti panafunika kulemba ntchito mwachangu aphunzitsi masauzande ambiri osaphunzitsidwa, siikuuzani kuti makalasi ambiri anali pansi pa mtengo, siikuuzani kuti ndi angati mwa ana aja anafika kumapeto. Kuti muzidziwe zimenezo muyenera kuiyika pambali pa manambala ena, a aphunzitsi, a zipinda, a obwereza, chaka ndi chaka, n'kumalondola gulu limodzi la ana mmene likucheperachepera likamakwera makalasi. Kulondola kumeneku kuli ndi msampha wakenso: ngati database imawerenga mitu yokha popanda nambala ya mwana aliyense payekha, mwana amene wasamukira kusukulu ina amaoneka ngati wasiyira sukulu panjira uku, kwinako n'kuoneka ngati watsopano.

China chimene sindikufuna achiphonye, chifukwa ambiri amachita nacho manyazi kuchilemba. Boma likamapereka ndalama kapena mabuku kapena aphunzitsi potengera kuchuluka kwa ana, amene akudzaza fomu amakhala ndi chifukwa chokwezera nambala. Sindikunena kuti ahedi ndi abodza, ambiri amalemba mokhulupirika pa nthawi yomwe ali ndi ntchito zina zambirimbiri, komabe mwana amene analembetsa sabata yoyamba n'kusowa teremu yonse amatha kutsala m'kaundula, ndipo kulembetsa si kubwera kusukulu. Masukulu ena omwe si aboma sabweza n'komwe fomu. Njira yodziwira ndi kuyerekeza ndi kafukufuku wa m'makomo ngati DHS kapena MICS ya UNICEF, komwe amafunsa makolo pakhomo ngati mwana akupita kusukulu. Akafukufuku amenewa ndi amenenso amaona mwana amene database ya masukulu singamuone mpang'ono pomwe, uja sanalembetsepo, komanso amakuuzani ngati banja lake ndi losauka kapena lopezako, zomwe fomu ya ahedi ilibe. Manambala awiriwa akasiyana mwana wanu asabise, kusiyanako ndi zotsatira za kafukufuku wake, akulembe ndipo ayese kukufotokoza.

Nkhani yomwe ndimakonda kuwauza ophunzira ndi ya ku Uganda. Mu 1996 akatswiri analondola ndalama zomwe boma linkatumiza kumasukulu a pulayimale zogulira zipangizo, n'kupeza kuti pakati pa 1991 ndi 1995 zomwe zinkafikadi pasukulu zinali pafupifupi 13 peresenti yokha, zina zonse zinkathera m'njira. Pa pepala la bajeti zonse zinkaoneka kuti zapita. Boma linayamba kulengeza m'manyuzipepala ndalama zomwe latumiza kudera lililonse, ndipo pofika 2001 zofika pasukulu zinali zitapitirira 80 peresenti. Amene anachita zimenezi anangotenga nambala ya ku likulu n'kuiyika pambali pa nambala ya pasukulu. Ndiye Mayi, mukamati zamanambala, dziwani kuti zimatha kufikitsa choko ndi mabuku m'manja mwa mwana.

Ngati funso lake lili loti ana akuphunziradi kapena ayi, EMIS payokha siyankha, imawerenga amene ali m'kalasi osati zomwe zili m'mutu mwawo. Apo afunika zotsatira za mayeso a boma, kapena za SACMEQ yomwe imayesa kuwerenga ndi masamu kwa ana a sitandade 6 m'mayiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa. Akafuna kuyerekeza mayiko awiri ayambe waona kaye kuti pulayimale ndi zaka zingati kulikonse, kwina ndi 6 kwina 7 kwina 8, n'chifukwa chake UNESCO ili ndi ndondomeko ya ISCED yofananitsira magawo a maphunziro. Ndipo asathamangire kunena kuti ichi chachititsa icho. Akapeza kuti masukulu okhala ndi mabuku ambiri amakhozetsa bwino, mwina ndi mabukuwo, mwinanso ndi masukulu a m'tauni omwe ali kale ndi aphunzitsi ambiri komanso makolo opezako.

Zoti achite mawa lomwe ndi zochepa. Malipoti apachaka a ziwerengero ambiri amapezeka pa intaneti ulere, za UNESCO ndi za World Bank chimodzimodzi. Koma fayilo ya sukulu ndi sukulu nthawi zambiri imafuna kalata yochokera ku dipatimenti yake kupita ku nthambi ya mapulani ku unduna, ndipo yankho limatha kuchedwa, ndiye alembe msanga asadikire mwezi womaliza. Apemphenso fomu yeniyeni ija yomwe ahedi amadzaza, aiwerenge mzere ndi mzere, chifukwa matanthauzo amasintha, chaka china funso linafunsidwa mwamtundu wina chaka china mwamtundu wina. Akapatsidwa fayilo yokhala ndi mayina a ana kapena aphunzitsi aisunge mwachinsinsi, mayina asatuluke mu lipoti. Ndipo ngati angakwanitse, ndingakonde atapitako ndithu kusukulu ziwiri kapena zitatu zomwe manambala ake akuoneka achilendo, akakhale pansi ndi ahedi awafunse mmene amadzazira fomu ija, adzamva zinthu zoti kompyuta sikanamuuza.

Tsopano za ntchito, poti ndi pomwe mtima wanu uli. Sindingakulonjezeni kuti akangomaliza aitanidwa, zimenezo palibe angalonjeze. Chomwe ndikudziwa n'choti omaliza zamaphunziro ndi ambiri, koma odziwa kalasi komanso odziwa kutsuka fayilo ya masukulu masauzande n'kutulutsamo mfundo yomveka ndi ochepa, ndipo amafunika ku nthambi za mapulani m'maunduna, ku ofesi za ziwerengero za boma, ku mabungwe a mayeso, ku mabungwe othandiza pa maphunziro komwe amalemba anthu a M&E olondola mmene mapulojekiti akuyendera, ndi m'mayunivesite momwe. Ayambe ndi Excel aidziwe bwinobwino, makamaka pivot table, kenako aphunzire imodzi mwa mapulogalamu a pakompyuta osanthulira manambala, SPSS, Stata kapena R. R ndi yaulere, QGIS yojambulira mapu osonyeza komwe kuli masukulu nayonso ndi yaulere, ndiye laputopu yabwinoko ndi bandulo ya intaneti ndi zomwe mungamuthandize nazo inuyo. Akadzafuna kupitiriza, kuli IIEP ya UNESCO ku Paris, yomwe yakhala ikuphunzitsa akatswiri okonza mapulani a maphunziro kuyambira 1963.

Akamaliza kulemba, mumuuze afupikitse zomwe wapeza pa tsamba limodzi, m'mawu oti inuyo Mayi muwerenge n'kumva popanda iye kuima pambali kumafotokoza. Tsamba limenelo ndi lomwe adzanyamule popita ku intavyu, ndipo kope ina akaisiye ku ofesi yomwe inamupatsa manambala ija.