Harare mpaka ku Nyanga panjinga, kugona m'matenti: yankho kwa achimwene a ku Mufakose

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchoka kwa achimwene ena a ku Mufakose mu Harare muno, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditero. Akuti ali ndi zaka 46, amapalasa njinga tsiku ndi tsiku kupita kuntchito ku Workington, ndiye anzawo a kutchalitchi akonza zoti pa holide ya Heroes, ya mu Ogasiti ija, apalase gulu kuchoka mu Harare muno mpaka ku Nyanga, masiku 4, usiku kugona m'matenti. Funso lawo nlakuti, "kodi ine ndingathe, njinga yanga ndi ya Buffalo yopanda magiya, ndipo ndinyamule chani?"

Achimwene, zikomo polemba. Kutha mungathe, koma ndikuuziretu kuti chomwe mukuchiopacho, miyendo, sichimene chimagwetsa anthu paulendo ngati umenewu. Munthu wopalasa daily ngati inu tsiku loyamba mulimaliza mukuseka. Nkhani imayamba m'mawa wa tsiku lachiwiri, mwagona pansi pouma, kwazizira, tulo mwangolawa, ndiye mukuti mukhale pachishalo paja pomwe dzulo panakutupitsani. Ine nditapanga ulendo womwewu, m'mawa umenewo ku Marondera ndinaima pambali pa njinga yanga mphindi zingapo kumangoiyang'ana ngati tayambana, kenako nditakhalapo ndinadzuka msangamsanga ngati ndakhalira mbaula, makilomita 5 oyambirira ndinapalasa choimirira anzanga akufa nazo kuseka.

Tiyambe ndi msewu wake kuti muone chomwe mukulimbana nacho. Kuchoka m'tauni kutsata msewu wa ku Mutare, kudutsa Ruwa, kufika Marondera ndi makilomita ngati 72, ndipo musanamizidwe kuti ndi pafulati, Marondera ili pamwamba kuposa Harare ndiye mumakwera pang'onopang'ono osadziwa, mumangodabwa kuti njinga yalemera bwanji. Kuchoka apo mudutsa Macheke, Headlands, mpaka Rusape yomwe ili pamakilomita 170 kuchoka kuno. Pa Rusape mpomwe mumasiya msewu wa ku Mutare nkukhotera kumanzere, ndipo kwatsala makilomita ngati 100 kudzera Juliasdale kuti mufike ku Nyanga. Zonse pamodzi pafupifupi 270. Koma 100 yomalizayo musaiwerenge ngati inzake ija ayi, kumeneko nkukwera mapiri, chitunda chikatha mukuti ndapuma, mungokhota kona china chayamba. Ngati amene akukonza ulendowu agawa 270 ija mofanana pamasiku 4, akambireni aganizenso, bola muvutike tsiku lachiwiri mukagone ku Rusape kuti chigawo cha mapiri muchipatse masiku awiri athunthu.

Tsopano za Buffalo yanuyo. Njinga imeneyo ndi chitsulo, sindingainyoze, inapangidwira kunyamula katundu m'misewu ya fumbi ndipo siiwonongeka chisawawa, makolo athu m'mafamu ndi m'migodi ankayenda mitunda yoposa apa panjinga zakuda zopanda giya ndi imodzi yomwe. Mpaka ku Rusape ikufikitsani bwinobwino. Kupitirira apo mudzatsika nkumakankha, osati kamodzi, ndipo njingayo payokha imalemera makilo oposa 20 musanaikepo kanthu pakaliyala. Kukankha si manyazi, vuto nlakuti anzanu a magiya adzakhala akukudikirani pamwamba pa chitunda chilichonse, akakuonani mwafika iwo apuma kale akuti tiyeni, inu osapuma nkomwe. Ichi nchimene chimatopetsa munthu mpaka kukwiya. Ndiye ngati pali wokubwerekani ya magiya, bwerekani, koma muitenge kudakali masabata atatu kapena anayi kuti thupi liizolowere. Osalandira njinga yachilendo Lachisanu madzulo ulendo uli Loweruka, chishalo chachilendo chidzakusendani. Ngati palibe, pitani ndi yanuyo, koma katundu yense akwere galimoto.

Apa ndiye funso lomwe mufunse msanga: kodi pali galimoto yotsatira m'mbuyo? Gulu likakhala ndi ka bakkie konyamula matenti, mapoto, ufa ndi zigubu za madzi, ulendo umakhala wina. Popanda galimoto aliyense asenza zake, ndipo munthu woyamba kumene amanyamula nyumba yonse. Ine ndinatenga majini awiri, nsapato zapadera zoti ndikatchene ku Nyanga, ndi tochi yaikulu ija ya mabatire anayi, zonsezo ndinangozikweza mapiri nkubwera nazo osazigwira.

Chomwe ndinasiya, chomwe ndinachilira, ndi chofunda chokwanira. Ogasiti masana kumatentha ndithu ndipo kumawomba mphepo ya fumbi ija, koma usiku kumtunda kuja kumazizira zoopsa, Marondera yomweyo imadziwika ndi chisanu, nanji ku Juliasdale ndi Nyanga. Ndipo kuzizira kwambiri kumachokera pansi osati pamwamba, dothi limakoka kutentha kwa thupi usiku wonse, ndiye bulangete ziwiri pamwamba koma pansi kansalu ka tenti kokha simugona. Pezani kamatiresi kopyapyala kaja kopinda, zikavuta ngakhale makatoni opempha pashopu amathandiza. Chipewa cha ulusi, masokosi ouma ogonera okha, juzi yochindikala, zonsezi kumsika wa kaunjika wa Mupedzanhamo muzipeza motchipa. Zovala zomwe mwapalasa nazo zonyowa thukuta muvule mukangofika, musadikire kuti kaye tidye.

Za matako ndinene mosabisa poti tonse ndife akuluakulu. Kabudula wa opalasa uja wokhala ndi siponji mkati amavalidwa wopanda china mkati, msoko wa kabudula wamkati ndi umene umacheka khungu. Pakani Vaseline m'mphechepeche musananyamuke, osati zitayamba kale kuwawa, madzulo sambani ngakhale ndi kabotolo kamodzi ka madzi, kabudulayo muchape aume. Mukhale ndi awiri osinthanitsa. Chishalo chikwezeni kufika poti mwendo uzitsala pang'ono kuwongoka pedulo ikakhala pansi, ambiri timapalasa chishalo chili pansi kwambiri, popita kuntchito sizioneka koma pamakilomita 70 mawondo adzakuuzani.

Zida ndi zochepa: machubu awiri, zigamba ndi guluu wake, pampu yoti mwaiyesa kunyumba, masipanala olingana ndi manati a njinga yanu, masipoko angapo, mafuta a tcheni. Mabuleki aonedwe ndi wokonza njinga musanapite, chifukwa kumapiri kukwera kuli ndi kutsika kwake. Mukapita kumsika wa Siyaso kokagula, tengani chubu chakale m'manja kuti asakupatseni saizi ina.

Kudya musadikire njala, kumwa musadikire ludzu, ola lililonse kenakake kalowe m'kamwa, nthochi, mtedza, mbatata yophika, buledi wopaka chiponde, maheu a m'botolo aja. Nsima yambiri masana imakugonetsa pachishalo, isungireni madzulo, pamenepo ndiye idyani mopanda chisoni. Mubotolo limodzi muzisungunula shuga ndi mchere, lita imodzi ya madzi masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere, zimathandiza miyendo ikayamba kukokana. Ndalama tengani madola ang'onoang'ono, mukudziwa nokha nkhani ya chenji kuno, ndipo EcoCash, ndalama ya pafoni ija, musaidalire yokha poti foni ikhoza kuthima pomwe palibe potchajira.

Chomwe ndimaopa ine pamsewu umenewu si mapiri, ndi magalimoto. Msewu wa ku Mutare ndi wa magonyeti opita ndi kuchokera ku Beira kudzera pa boda ya Forbes, onjezani mabasi ndi makombi, ndiye pa Heroes aliyense akuthamangira kumudzi. Gonyeti ikakudutsa pafupi mphepo yake imakukankha kenako nkukukokera mumsewu, gwirani mahandulo ndi manja onse. Yendani mzere umodzi kunja kwa laini yachikasu, osati awiriawiri mukucheza, valani zowala ndi chipewa cholimba chija, ndipo dzuwa likamapendeka mukhale mutafika kale pogona. Kunyamuka 6 koloko kuli mbuu kumawawa ndi kuzizira koma ndiye nthawi yabwino, mphepo isanadzuke.

Pogona pakhale pokambirana kale, kaya ndi pabwalo la tchalitchi, pasukulu kapena pamalo olipira. Kumidzi simungangokhoma tenti patchire ngati mwagwa kumwamba, mumayamba mwakaonekera kwa a sabhuku, monga momwe kwathu ku Malawi mlendo amayambira kwa a mfumu. Mkati mwa Nyanga National Park ndi a ZimParks, oyang'anira mapaki a boma, pali ndalama yolowera ndi yogonera, afunseni mitengo musananyamuke. Moto samalani nawo kwambiri, nthawi imeneyo udzu ndi wouma ndipo mbali ya Juliasdale ndi minda ya mitengo ya paini, kamoto kophikira tiyi kakhoza kukupalamulitsani mlandu waukulu. Zimitsani ndi madzi, osangokwirira ndi phazi.

Za gulu ndingonena chimodzi. Mugwirizane musanachoke kuti wamphamvu mmodzi azikhala kumbuyo kwenikweni ndi pampu ndi zida, ndipo ndalama zosonkha zilembedwe papepala aliyense aone. Ife tinakangana tsiku lachitatu chifukwa cha shuga, shuga weniweniyu, wina ankathira masupuni asanu mukapu, anthu akuluakulu a ndevu zawo osalankhulana mpaka masana. Munthu akatopa kanthu kakang'ono kamakula.

Ndiye chitani izi achimwene, kudakali nthawi. Loweruka likubwerali palasani kupita ku Lake Chivero nkubwerera, kwa inu a ku Mufakose ndi kufupi, mukaona kuti yachepa zungulirani mpaka ikwane makilomita 60. Usiku umenewo musagone pabedi, khomani tenti panja pa nyumba mugone momwemo ndi zofunda zomwe mukufuna kupita nazo, alamu akuseka asiyeni aseke. Lamulungu mukaweruka kutchalitchi kwerani njinga mubwerezenso mtunda womwewo. Mukachita zimenezi ma weekend awiri, mudzadziwa nokha chomwe chikuwawa ndi chomwe chikusowa muchikwama, muli pafupi ndi kwanu koti mukhoza kukonza.

Komanso pemphanitu Lachitatu kuntchito. Heroes ndi Lolemba, Defence Forces ndi Lachiwiri, ndiye masiku anu 4 athera ku Nyanga komweko, kubwerera ndi pabasi njinga zili pamwamba, ndipo kondakitala adzafuna yake ya njinga, muisungire padera. Phiri la Nyangani lija, lalitali kuposa onse mu Zimbabwe muno, mamita 2,592, ulendo uno mungoliona ndi maso, miyendo idzakhala itakana. Mundilembere mukabwera ku Chivero, makamaka za Lamulungulo.