Hedi yadyeka tizibowo: timate, tisikime kapena tigule ina?

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene ali ndi Toyota Corolla ya injini ya 5A-FE. Galimoto yawo inayamba kumwa madzi ndi kutentha. Atatsegula injini anapeza gasiketi yapsa, komanso kunsi kwa hedi (chivundikiro cha pamwamba pa masilinda) kwadyeka tizibowo tambirimbiri mozungulira njira za madzi. Makaniko mmodzi akuti angomata Pratley Steel (guluu womatira zitsulo) n'kubwezera, wina akuti hediyo yatha, agule ina. Akufunsa kuti amvere ndani.

Bambo, yankho lagona pa malo amene tizibowoto tili, osati pa kuchuluka kwake. Tengani gasiketi yatsopano, muigoneke pa hedi yotsukidwa bwino. Pa bowo la silinda iliyonse muona mkombero wachitsulo. Mkombero umenewo ndi umene umatsekera moto ndi mphamvu yonse ya injini kuti zisathawire m'madzi kapena mu silinda yoyandikana nayo. Kabowo kalikonse kamene kagwera pansi pa mkomberowo, kapena kamene kakulumikiza mkomberowo ndi njira ya madzi, n'koopsa ngakhale kachepe bwanji. Pamenepo zomata sizigwira ntchito. Kutentha kwake n'kwakukulu, zimapsa n'kuchoka, ndipo posachedwa mudzaona thovu mu rediyeta, n'kulipiranso gasiketi ina ndi ntchito yomweyo. Ndimamva chisoni ndikaona munthu akutaya ndalama kawiri chifukwa chofuna kupulumutsa tsiku limodzi.

Tizibowo tikakhala kutali ndi mkombero, m'mphepete mwa njira ya madzi basi, ndipo si takuya, makaniko woyambayo sakulakwa kwenikweni. Koma apale kaye ufa woyera umene umakhala podyekapo mpaka chitsulo chiwale, atsuke mafuta onse, amate, zikauma asalaze kuti pasatsale kotumphuka.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kupita nayo hediyo kwa amene amasikima mahedi, ndiko kudula nkhope ya hedi pang'ono ndi makina kuti isalale. Ayambe aiyeza ngati ikudontha, potseka njira za madzi ndi kupopera mpweya, chifukwa injini imene inabwatapo imatha kung'amba hedi pakati pa mavavu, ndipo kusikima hedi yong'ambika n'kutaya ndalama. Kenako aike chitsulo chowongoka pamwamba pake n'kulowetsa feeler gauge (timapale tachitsulo topyapyala toyezera mpata) kunsi. Pa injini zimenezi Toyota amalola kupindika kosapitirira 0.05 mm. Tizibowo tosaya timachoka ndi kusikima pang'ono. Takuya timafunika kugoba kaye mpaka podyekapo patha, kuwotcherera ndi makina a TIG oyenera aluminiyamu, kenako n'kusikima. Wowotcherera mageti ndi mawindo asaikhudze. Aluminiyamu yodyeka imabisa zinyalala, ndipo wosaidziwa amasiya timphako mkati mwa chowotchereracho.

Musalole kuti angodula mpaka kabowo komaliza katha. Hedi ikachepa kwambiri, compression (kupanikizika kwa mpweya mu silinda) imakwera, injini imayamba kugogoda, ndipo timing ya kamushafuti imasuntha pang'ono. Funsaninso ngati inasikimidwapo kale. Ngati inadulidwapo, ndipo tizibowo takuya tazungulira masilinda angapo, pamenepo makaniko wachiwiri akunena zoona. Yogulayo nayonso muiyeze musanapereke ndalama, chifukwa hedi zambiri zogwira kale ntchito zinamwa madzi omwewo.

Tsono chimene chinadya hedi yanu n'chiyani? Pa 5A-FE buloko ndi yachitsulo, hedi ndi ya aluminiyamu. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi zimakhala ngati batire, ndipo chimene chimadyeka ndi aluminiyamu. Kulanti, madzi oziziritsa injini ogula m'botolo, ali ndi mankhwala oletsa zimenezi, koma mankhwalawo amatha mphamvu ngakhale mtundu wake ukuonekabe. Ambiri a ife timati kuno kulibe chisanu choumitsa madzi, ndiye kulanti ndi wa chiyani, n'kumangothira madzi a pa mpopi kapena a pa mjigo. Madzi a pa mjigo ali ndi mchere wa m'nthaka umene umafulumizitsa kudyekako. Mukapanda kusiya chizolowezi chimenechi, hedi yatsopano idzadyekanso chimodzimodzi.

Pomanga, yang'ananinso nkhope ya buloko, mabowo a mabawuti akhale oyera ndi ouma, ndipo mabawuti otanuka asinthidwe. Amangidwe ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) kuyambira pakati kupita kunja, osati mongoyerekeza ndi dzanja. Tsukani rediyeta ndi mapaipi onse mpaka madzi atuluke oyera, musinthe chotsekera cha rediyeta, ndipo thermostat ibwerere m'malo mwake ngati wina anaichotsa. Thirani kulanti theka, madzi osungunula theka, aja amagulitsa owonjezera m'batire. Werengani botolo muonetsetse kuti si asidi. Ngati kulantiyo ndi wosakaniza kale, musawonjezere madzi. Wobiriwira wamba muzisintha pakatha zaka 2.

Chomaliza, uzani wa zamagetsi ayeze. Injini ikulira, waya wakuda wa multimeter ukhale pa negetivu ya batire, wofiira auviike m'kulanti osakhudza chitsulo, chotsekera atatsegula injini isanatenthe. Ikawerenga kupitirira 0.3 V, ndiye kuti magetsi akudutsa m'madzimo, ndipo kawirikawiri vuto limakhala waya wa efi (earth) wochoka pa injini kupita ku bodi umene wamasuka kapena wachita dzimbiri. Aukonze galimoto isanatuluke m'galaja.