Gofu ku Walt Disney World: bwalo liti, nanga nthawi yanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene mu Julayi akupita ndi banja lawo ku Walt Disney World, kufupi ndi Orlando ku Florida. Akakhalako masiku 6 ndipo akagona ku hotela ya Saratoga Springs. Handicap yawo (nambala yosonyeza luso pa gofu, imene imachepa luso likamakula) ndi 20, ndipo ali ndi mnyamata wa zaka 13 amene wangoyamba kumene kugwira ndodo. Funso lawo nali: "Ndikufuna kusewera kawiri basi osakhumudwitsa mayi ndi ana. Anzanga akuti ndisaphonye Magnolia. Kodi ndisankhe mabwalo ati, ndipo ndibukitse liti?"

Bambo, zikomo polemba. Anzanuwo sakunama ayi, Magnolia ndiye bwalo lotchuka kumeneko. Linatsegulidwa mu 1971 pamodzi ndi bwalo lina lotchedwa Palm, ndipo onse awiri anawajambula ndi Joe Lee. Mpikisano wa akatswiri a gofu wa PGA Tour unkachitika ku Disney kuyambira chaka chimenecho mpaka 2012. Jack Nicklaus anapambana zaka zitatu zoyambirira motsatizana, Tiger Woods naye anapambana mu 1996 ndi 1999. Pa dzenje la 6 pali mchenga woumbidwa ngati mutu wa Mickey Mouse, umene aliyense amafuna kuujambula. Koma bwaloli ndi lalitali, mayadi pafupifupi 7,500 mukayambira kumbuyo kwenikweni, ndipo lili kufupi ndi paki ya zisangalalo ya Magic Kingdom, mbali ina ya malowo kutali ndi kumene mukagone. Disney World si kamalo kakang'ono. Ndi dera lalikulu ngati mzinda, ndipo kuchoka mbali ina kupita ina kumadya nthawi imene inu mulibe.

Ndiye ine ndikanakhala inu, ndikanasewera ku Lake Buena Vista. Ofesi ya bwalo limeneli ili pa Saratoga Springs pomwepo, moti mukhoza kudzuka, kumwa tiyi, n'kukafika osavutika ndi za mayendedwe. Nalonso ndi la Joe Lee, la mu 1972, ndipo linkagwiritsidwa ntchito pa mpikisano womwe uja. Ndi lalifupi poyerekeza ndi Magnolia koma ndi lopapatiza, chifukwa limadutsa pakati pa mitengo, ngalande ndi nyumba za alendo. Pa dzenje la 7 green yake, kabwalo ka udzu wosalala pamene pali dzenjelo, yazunguliridwa ndi madzi. Munthu wa handicap 20 amasangalala pamenepa: simufunika mphamvu zambiri, mufunika kulunjika. Tengani timipira tokwanira, ndipo kakagwera m'madzi kasiyeni komweko. M'madziwe a ku Florida muli ng'ona, ndikunenetsa.

Nkhani yaikulu kwa ine ndi nthawi. Julayi ku Florida kumatentha mwa chinyontho, thukuta kumangoti noninoni ngakhale utangoima. Masana mitambo imaunjikana, ndipo masiku ambiri kumagwa mvula ya mabingu ndi ziphaliwali. Munthu wogwira ndodo yachitsulo pabwalo lopanda pobisala sayenera kulimbana ndi mphenzi. Ndikukumbukira m'mawa wina ndili pa Palm, dzuwa litangotuluka, udzu uli mame okhaokha, kampira kakusiya mzere pa green ngati njira ya nkhono. Pofika 11 koloko tinali titamaliza. Tikudya nkhomaliro kumwamba kunada bii, ndipo amene anayamba mochedwa tinawaona akuthamangitsa timagalimoto tawo kubwerera, masewero atadukira pakati. Choncho pemphani nthawi yoyambirira imene ilipo, isanakwane 8 koloko. Maenje 18 amatenga maola anayi kapena anayi ndi theka. Mukatero mukapeza mayi ndi ana pa nkhomaliro, ndipo madzulo onse ndi awo. Mitengo ya masana imakhala yotsika, n'zoona, koma m'chilimwe cha kumeneko kutsikako kuli ndi chifukwa chake.

Ulendo wachiwiri upatseni mnyamata wanu. Pitani naye ku Oak Trail, bwalo la maenje 9 lomwe lili moyandikana ndi Magnolia ndi Palm. Anthu ambiri kumeneko amayenda pansi, ndipo limalandira mabanja ndi ophunzira, kotero mwana sachita manyazi akaphonya kampira kawiri katatu. Agwape ndi nkhukundembo zakutchire zimaoneka m'mbali mwa mitengo. Maola awiri mwamaliza. Pamenepo mtunda uja ndi woyenera kuuyenda, chifukwa simukuchoka nokha. Ang'onoang'ono akadandaula kuti awasiya, kuli gofu yamasewera ku Fantasia Gardens ndi ku Winter Summerland yomwe banja lonse lingasewere limodzi.

Za kubukitsa. Mabwalowa amayendetsedwa ndi Arnold Palmer Golf Management kuyambira 2011, ndipo mumasungitsa nthawi pa intaneti kapena pa foni. Ogona m'mahotela a Disney amatha kubukitsa kutatsala masiku 90, ndiye musadikire kuti mukafike kaye, poti nthawi za m'mamawa ndi zimene zimayamba kutha. Yambani mwakonza masiku a mapaki, gofu muyiike pa tsiku limene banja likapumule kapena kukasambira. Simufunika tikiti ya paki kuti musewere, ndiye musawononge m'mawa wa tsiku limene mwalipirira tikiti yodula. Poimba foni funsani ngati sabata imeneyo akhale akuboola udzu wa pa green, ntchito imene mabwalo a ku Florida amachita miyezi yotentha. Kampira sikayenda bwino pa green yobooledwa kumene. Lake Buena Vista ikakhala choncho, sankhani Palm, imene inakonzedwanso mu 2013, kungoti madzi ndi ambiri.

Ndodo zanu zisiyeni kunyumba. Kusewera kawiri kokha sikukwana kuvutika ndi chikwama chachikulu m'ndege, ndipo kumeneko amabwereketsa. Inu tengani magolovesi, nsapato zopanda misomali yachitsulo, chipewa ndi malaya a kolala, anu ndi a mnyamata yemwe. Jinzi saloleza. Mukafika ku Oak Trail mwachangu, dutsani naye pa ofesi ya Magnolia ndi Palm, mumuuze kuti Tiger Woods anapambana pamenepo ali ndi zaka 20.