Kodi kafukufuku wa lean m'zipatala walowera kuti?

Mayi wina yemwe ndi nesi komanso akupanga masitazi wanditumizira imelo, akuti: "Asupavaiza andiuza ndilembe za lean management m'zipatala, kodi ofufuza akuyang'ana chani masiku ano, nanga zimathandizadi?"

Achemwali zikomo pondilembera, nkhaniyi ndimaikonda zedi. Lean inachokera ku fakitale ya magalimoto ya Toyota ku Japan, mfundo yake ndi kuchotsa chilichonse chongodya nthawi ndi mphamvu pantchito. Kuchipatala ndiye monga wodwala kukhala pabenchi m'mawa wonse poti fayilo yake yasowa, kapena nesi kuzungulira wodi yonse kusaka magolovesi pomwe wodwala akubuula pabedi. Chipatala cha Virginia Mason ku Seattle ku America chinayamba njirayi mu 2002, ndipo mu 2015 matrasti 5 (magulu oyendetsa zipatala) a NHS, bungwe la zaumoyo la boma ku England, anayamba kuphunzira kwa iwo.

Mapepala ambiri akale a kafukufuku ndi amodzimodzi, dipatimenti imodzi, makamaka emejensi kapena fiyeta, ayeza nthawi yodikira asanayambe lean, ayezanso patapita miyezi ingapo, nkulengeza kuti zatheka, koma palibe wabwererako kukaona ngati zinakhalitsa akonsotanti ophunzitsa lean atapita. Mu 2016 wofufuza wina, Moraros, ndi anzake ataunika mapepala ambiri anapeza kuti umboni woti lean imathandiza odwala kuchira bwino ndi wofooka, komanso ogwira ntchito ena sankasangalala nayo. Ku Saskatchewan ku Canada boma linalowetsapo ndalama zambiri, manesi nkumadandaula.

Ndiye pano ofufuza atembenukira kwa anthu. Kodi mabwana amatsika mu ofesi kukaona ntchito ku wodi? Kodi kilina kapena nesi akaona vuto amaloledwa kuliyankhula osaopa? Izi ndi zomwe ineyo zimandikhudza, coz lean yongobwera ndi mapositala kuchokera kumwamba imangowonjezera mafomu kwa munthu wotopa kale. Ena akuiphatikiza ndi Six Sigma (njira yochepetsa zolakwika pantchito pogwiritsa ntchito manambala), ena ndi makompyuta, enanso akufunsa za kusunga katundu wochepa m'stolo komwe lean imalimbikitsa, paja nthawi ya COVID-19 mamasiki anasowa m'zipatala zambiri.

Inuyo sankhani wodi yomwe inayamba 5S (njira ya lean yosanja katundu, kuika malebulo ndi kuyeretsa malo ogwirira ntchito) zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, mukatsegule makabati muone ngati malebulo akugwirizanabe ndi zomwe zili mkatimo, kenako mucheze ndi manesi a usiku, osati a in-charge okha ayi.